Kukonzekera LSAT: kuwerenga panokha kapena kulipira kosi?

Masukulu ambiri a zamalamulo ku United States ndi ku Canada amafuna kuti munthu alembe kaye mayeso a LSAT, omwe amakonzedwa ndi bungwe la LSAC. Malikisi ake amayambira 120 kulekeza 180, ndipo chigawo chilichonse ndi cha mphindi 35.

Kuwerenga panokha n'kotchipa. Pa LawHub, tsamba la pa intaneti la LSAC, pali mayeso akale enieni, ena aulere. Vuto lake n'lakuti mukalakwa funso la Logical Reasoning (chigawo choyesa luso lanu lounika mfundo), palibe wokufunsani chifukwa chake. Mumangoona yankho lolondola n'kupitirira, mawa n'kudzakodwanso pa msampha womwewo. Njirayi imayanja munthu wodekha, amene amakhala pansi n'kulemba chimene chamusocheretsa pa funso lililonse.

Makosi olipira, monga a Kaplan kapena Princeton Review, amakupatsani mphunzitsi ndi ndondomeko yowerengera. Koma amadya ndalama zambiri, ndipo kalasi sidikira wotsalira.

Ine ndingati yambani nokha. Lembani mayeso amodzi athunthu mukuyang'ana wotchi, kuti mudziwe pamene muli. Kosi mudzalipire malikisi akakana kukwera. Musamalenso ndi mabuku akale, chifukwa chigawo cha Logic Games, chomwe chili m'mabukuwo, anachichotsa m'mayesowa mu Ogasiti 2024.