Nyenyezi zitatu: a Sensei karate amaidziwa, koma pakauntala pawo pandikwana

Mwana wanga wamkazi amaphunzira karate ya mtundu wa Shotokan pasukulu ina, imene ndikuipatsa nyenyezi zitatu pano. Ndalama ya pamwezi sindikuidandaula. Zimene zimawawa ndi zija sakuuzani polembetsa: ya mayeso, ya satifiketi, ya lamba, kenako gi (yunifolomu ya karate) ya chizindikiro cha sukulu, poti yogula kwina akuti salowa nayo m'kalasi.

Eni sukuluyi, amene timawatcha a Sensei (mphunzitsi), anayamba okha, m'holo yobwereka, ndi ana owerengeka, ndipo ambirife tinabwera potsatira dzina lawo. Lero ali ndi nthambi zingapo, shopu ya magolovesi ndi zotchingira mano, ngakhalenso makalasi a akuluakulu ofuna kuchepetsa thupi. Munthu atukuke, palibe woletsa. Koma kutukukako kwawachotsa pamaso pa ana. Masiku ambiri ophunzitsa ndi achinyamata a lamba wabulawuni, aulemu ndithu, koma ntchito yawo ndi kuwerenga ichi, ni, san (1, 2, 3 m'Chijapani) basi, osaona kuti phazi la mwana lalozera kuti.

Tsono mnyamata wa pakauntala uja. Mayeso ali mawa, anandiuza kuti dzina la mwana wanga palibe pamndandanda chifukwa gi yake ndi ya chizindikiro chakale. Gi yomweyo ndinaigula kwa iye yemweyo, sinang'ambike, sinam'chepere. Nditafunsa kuti lamulo limeneli linalengezedwa liti, anayankha mokweza, makolo ena akumva: "Mayi, ngati sizikukwanika, mwanayo adikire mayeso ena." Osadzutsa n'komwe maso pafoni. Ndinalipira chifukwa mwana anali atagwira dzanja langa, misozi ili m'maso. Risiti sanandipatse, akuti buku latha.

Pa tsiku la mayeso a Sensei anabwera okha. Mwana wanga anachita Heian Shodan yonse, ndondomeko yoloweza ya oyamba kumene ya mayendedwe 21, osaiwala ngakhale amodzi, kiai (mfuu ya pomenya) yake inamveka mpaka panja. Anzake analandira lamba wachikasu, iye ayi. Mtima wanga unachita kuwira. Ndinanyamuka ndithu kuti ndikalankhule zonse, za gi, za risiti, za mphunzitsi amene amaoneka pokhapokha pali ndalama ya mayeso.

Sanandilole kufika patali. Anaitana mwanayo, nagwada pansi pafupi naye, n'kumuuza aime zenkutsu-dachi, kaimidwe kaja kopinda mwendo wakutsogolo, wakumbuyo uli wowongoka. Anandilozera bondo lakutsogolo mmene limagwera mkati pa sitepe iliyonse, ndi chidendene chakumbuyo chikunyamuka. Chibakera chake chinkachokera paphewa, osati m'chiuno. Anati, "Mayi, ndikam'patsa lamba lero ndiye kuti ndakugulitsani nsalu. Bondo ili akayamba nalo mateche ndi kumite (kulimbana ndi mnzake) lidzam'vuta." Anamukonza phazi ndi dzanja lawo, namuuza aponyenso chibakera, ndipo ine amene sindidziwa karate ndinamva kusiyana kwake, mkono wa gi unalira. Kenako anatembenukira kwa wachinyamata amene amaphunzitsa kalasiyo n'kumufunsa modekha chifukwa chake sanaone zimenezi miyezi yonseyi. Funso lomwelo linali loyenera kubwerera kwa iwo eni, chifukwa amene anasiya ana m'manja mwa wophunzira mnzawo ndi iwowo.

Komabe apa m'pamene ndinafewa. Sukulu zambiri zoterezi zimadya pa mayeso, ndiye mwana aliyense wolipira amakhoza. Dongosolo la magiredi a malamba, otchedwa kyu ndi dan, linachokera ku judo ya Jigoro Kano, amene anatsegula sukulu ya judo ya Kodokan mu 1882, ndipo Gichin Funakoshi, amene anayambitsa Shotokan, analitengera atapita ndi karate ku Tokyo kuchokera ku Okinawa mu 1922. Cholinga chinali kuonetsa pamene wophunzira wafika. Munthu wabizinesi amene angakanize lamba mwana wa kasitomala wokwiya, podziwa kuti mwina sabweranso, akadakumbukira cholinga chimenecho. Mayeso obwereza anati tisalipire, ndipo masabata otsatira anaphunzitsa okha kalasi ya oyamba kumene. Mwana wanga amabwera kunyumba thukuta kamukamu, miyendo ikunjenjemera, koma akusimba za kalasi osamaliza.

Holo ndi yaukhondo, malo osinthira zovala ndi opanikiza, nthawi yoyambira amasunga.

Makolo anzanga, musanasaine funsani masiku amene a Sensei amaphunzitsa okha panthambi yanu, ndipo awalembe papepala. Funsaninso mndandanda wonse wa zolipira mpaka lamba wachitatu. Nkhani ya gi nditawafotokozera a Sensei anakwinya nkhope, nati yakale ndi yololedwa ndipo ndalama yanga ibwezedwe. Mnyamata uja akadali pakauntala pomwepo, ndipo ndikafunsa amangoti ndibwere sabata yamawa.