Uphungu wa zamalamulo umene tinalandira mng'ono wanga atachotsedwa ntchito ya ulonda

Mng'ono wanga anagwira ntchito ya ulonda pakampani ina ku Limbe kwa zaka 7, ndipo tsiku lomwe anachotsedwa sanapatsidwe kalata iliyonse, koma anangouzidwa ali pageti kuti abweze yunifolomu ndi nsapato chifukwa pamalo amene ankalondera panasowa katundu. Popeza pabanja pathu wamkulu ndine, nkhaniyi inandipeza madzulo a tsiku lomwelo, ndipo patatha masabata angapo tikuyembekezera kuti mwina mabwana amuyitananso, mnansi wathu anatilozera kuofesi ina yaing'ono ya alangizi a zamalamulo, awa amene ambiri amawatchula kuti maparalego. Ndemanga iyi ikukhudza thandizo limene tinapeza kumeneko.

Mayi amene anatilandira anayamba ndi funso limene ineyo sindinaliganizire n'komwe, lakuti, "Achimwene, anakuchotsani pa deti yanji?" Atamva yankho anatifotokozera kuti lamulo la Employment Act la chaka cha 2000 limapereka miyezi itatu yokha, kuwerengera kuyambira tsiku lochotsedwa, kuti munthu akadandaule kwa mkulu woona zantchito m'boma lake, kumene tonse timangoti ku Leba. Ife tinali titadya kale pafupifupi theka la nthawi imeneyo pomadikirira foni ya abwana, ndipo ndimaona kuti chenjezo limeneli ndilo thandizo lalikulu kuposa lina lililonse limene ofesiyi inatipatsa.

Chinandikhutiritsanso ndi momwe anasiyanitsira ndalama zimene ife tinkangoziunjika pamodzi n'kumati "ndalama zake za kuntchito". Anatenga pepala n'kulemba padera malipiro a masiku amene mng'ono wanga anali atagwira kale m'mwezi umenewo, padera ndalama ya notisi, imene kwa munthu wolipidwa pamwezi imakhala ya mwezi umodzi, ndipo padera masiku a tchuthi amene sanatenge, omwe ndi 18 pachaka kwa wogwira ntchito masiku 6 pasabata ndi 15 kwa wogwira masiku 5. Atafika pa sevarensi, ndalama yowerengedwa molingana ndi zaka zimene munthu wagwira ntchito, anachedwapo ndithu, chifukwa ati apa ndi pamene anthu ambiri amapusitsidwa. Ndalama imeneyi siperekedwa kwa aliyense wosiya ntchito, koma kwa amene wachotsedwa chifukwa kampani ikuchepetsa antchito kapena wachotsedwa mopanda chilungamo, ndipo kawerengedwe kake n'kakuti pa zaka 5 zoyambirira chaka chilichonse chimabala malipiro a masabata awiri, kuyambira chaka cha 6 kufika cha 10 masabata atatu, ndipo kupitirira pamenepo masabata anayi. Pa zaka 7 za mng'ono wanga anapeza masabata 16. Chipukutamisozi cha kuchotsedwa mopanda chilungamo anachiika pachokha, natiuza mosabisa kuti kuchuluka kwake amagamula ndi a khoti, choncho iye sakanatilonjeza nambala iliyonse. Kusalonjezaku ndinakuyamikira, chifukwa m'tauni muno muli anthu ambiri onyamula zikwatu amene amatchula mamiliyoni asanaone n'komwe pepala la malipiro.

Pa nkhani ya katundu wosowayo, mng'ono wanga ankaopa kuti adzafunika kutsimikizira yekha kuti sanabe. Mayiwo anamulimbitsa mtima pomuuza kuti lamulo limafuna zinthu ziwiri kwa wolemba ntchito, chifukwa chomveka chomuchotsera munthu komanso mpata woti munthuyo adziteteze asanachotsedwe, ndipo udindo wosonyeza chifukwacho uli pa bwana, osati pa wantchito. Anamuuza kuti asonkhanitse chilichonse chosonyeza kuti analidi wantchito wa kampaniyo, monga chiphaso cha kuntchito, mapepala a malipiro ndi mauthenga a pafoni obwera ndi ndalama, komanso kuti alembe m'kope mayina a anzake amene analipo pageti tsiku lija.

Zofooka zilipo, ndipo sindizibisa. Alangizi ndi awiri okha, moti tinafika m'mawa koma tinalowa dzuwa litapendeka, titakhala pabenchi lapakhonde pamene aliyense amamva nkhani ya mnzake kudzera pazenera. Kalata ya dandaulo imene anatilembera inali ya m'Chingerezi, zimene n'zomveka, koma sanaimasulire kwa mwiniwake wa nkhani asanasaine, ndipo ndikanakhala kuti sindinamuperekeze, akanasaina chinthu chimene sakuchidziwa bwino. Chachikulu chimene anaphonya ndi penshoni. Lamulo la penshoni limakakamiza wolemba ntchito kusonkha 10 peresenti ya malipiro ndipo wantchito 5 peresenti, koma mayiwo anangoitchula modutsa, osatiuza kuti tifufuze ngati ndalama zimene zinkadulidwa mwezi ndi mwezi zinkafikadi kukampani yosunga penshoni. Zimenezi tinachita kuuzidwa ndi mlonda mnzake amene ali m'bungwe la apantchito.

Wofuna kupita kwa alangizi otere adziwiretu malire a ntchito yawo. Iwo si maloya ndipo sangamuimire munthu pamaso pa woweruza, koma amalongosola lamulo, amalemba makalata ndi kulozera khomo loyenera. Anatiuza kuti zokambirana zikakanika ku Leba nkhani imapita ku Industrial Relations Court, khoti limene linakhazikitsidwa ndi malamulo aakulu a dziko lino kuti lizimva milandu ya pakati pa olemba ndi olembedwa ntchito, ndipo munthu akhoza kudziyankhulira yekha kumeneko. Kwa amene akufuna loya koma thumba silikulola, anatchula Legal Aid Bureau, imene ili ndi maofesi ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba, ngakhale kuti kumeneko amayamba aona kapezedwe ka munthu asanamuvomere.

Ku Leba tinapereka dandaulo nthawi isanathe, ndipo woimira kampani atabwera pa tsiku limene anaitanidwa anavomera kulipira malipiro otsala, notisi ndi masiku a tchuthi, koma anakanitsitsa sevarensi ponena kuti mng'ono wanga anachotsedwa chifukwa cha mlandu. Atafunsidwa kuti asonyeze kalata yomuitanira kukamva mbali yake, analibe. Mbali yotsalayo tsopano ili kukhoti, ndipo sabata yatha tinabwereranso kwa mayi aja kuti atithandize kudzaza mafomu, ulendo uno nditanyamula mndandanda wa mafunso a penshoni komanso nditapempheratu kuti chilichonse chimene mng'ono wanga asaine, ayambe amuwerengera m'Chichewa.