Botox, Dysport, Xeomin kapena filler: zomwe ndikanafunsa singano isanandilowe pachipumi

Anzanga atatu andifunsa funso limodzimodzi mwezi uno wokha, aliyense payekha, aliyensenso motsitsa mawu ngati akudzabwereka ndalama: "Iwe paja unabayitsapo zija za makwinya, ndisankhe ziti? Nanga tsikulo lisanafike ndichite chiyani?" Ndatopa kuyankha mmodzimmodzi pafoni usiku, ndiye ndati ndilembe kamodzi. Udokotala ndilibe. Chomwe ndili nacho ndi chipumi chomwe chabayidwa maulendo 6, komanso lisiti limodzi lomwe ndimalisungabe m'kabati chifukwa mkwiyo wake sunathe.

Musanatchule n'komwe dzina la mankhwala, imani pagalasi nkhope ili yosadzola. Chitani tsinya. Kwezani nsidze ngati mwamva nkhani yodabwitsa. Sekani mpaka m'mbali mwa maso mukwinyike. Kenako lekani zonse, nkhope ingoti phee. Mizere yomwe yazimiririka, kapena yangotsala pang'ono, ndi ya minofu, ndipo imeneyo ndiyo ntchito ya Botox ndi anzake. Koma yomwe ilipobe nkhope ili chikhalire, monga ija yochokera m'mbali mwa mphuno kutsikira kukamwa, kapena masaya olowa m'kati, imabwera chifukwa pansi pa khungu pachepa mnofu ndi mafuta. Pamenepo Botox alibe chochita, pafunika filler, mankhwala obaya pansi pa khungu kuti adzaze pomwe pachepapo. Mmodzi mwa anzanga atatu aja amafuna Botox wa mizere ya pakamwa. Akanangotaya ndalama.

Botox, Dysport ndi Xeomin ndi ana a bere limodzi. Onse amapangidwa kuchokera ku poizoni wa bakiteriya wotchedwa Clostridium botulinum, mtundu A, ndipo akalowa mu mnofu amatseka uthenga wochokera mu mtsempha, womwe umanyamulidwa ndi kemikolo ya m'thupi yotchedwa acetylcholine. Mnofu ukapanda kumva uthenga sukoka, ndipo khungu la pamwamba pake limasiya kupindika. Dokotala wa maso wa ku Vancouver, Jean Carruthers, ndiye anazindikira mu 1987 kuti odwala omwe ankawabaya chifukwa cha zikope zomangika zokha ankasalala pakati pa nsidze. Ku America bungwe la boma loona za mankhwala la FDA linavomereza Botox wa makwinya a tsinya mu 2002, Dysport mu 2009, Xeomin mu 2011. Ogulitsa adzakuuzani kuti Xeomin alibe mapuloteni owonjezera omwe enawo ali nawo, ndipo n'zoona. Obaya ambiri amatinso Dysport amayamba kugwira msanga pang'ono ndipo amafalikira malo otakata, zomwe zimathandiza pachipumi chachikulu. Ine ndabayitsapo mitundu iwiri mwa itatuyi, ndipo pagalasi sindikanatha kukuuzani kuti uwu ndi uti. Onse amayamba kuoneka pakadutsa masiku 3 mpaka 5, amakhwima pa masiku 14, amatha pakadutsa miyezi 3 kapena 4. Pali winanso, Daxxify, wa mu 2022, yemwe amatha kufika miyezi 6. Ameneyo ine ayi, makamaka kwa woyamba kumene, chifukwa zikalakwika mukhala nazonso nthawi yaitali chomwecho.

Kusiyana kwenikweni kuli pa mayunitsi, ndipo apa m'pamene ndinapsa.

Yunitsi ya mtundu wina si yofanana ndi ya mtundu unzake. Pa mizere iwiri ija ya tsinya, mlingo wolembedwa pa pepala la Botox ndi mayunitsi 20, obayidwa malo 5. Wa Xeomin ndi 20 omwewo. Wa Dysport ndi 50. Sikuti Dysport ndi wofooka ayi, kungoti muyezo wake ndi wina, monga munthu angayezere nsalu imodzi ndi mamita kapena ndi mainchesi. Ine izi sindinkazidziwa. Ulendo wanga wachiwiri ndinaona malo ena akutsatsa mtengo wa yunitsi imodzi womwe sunkafika n'komwe theka la womwe ndinalipira koyamba. Ndinawerengetsa pamtima: koyamba anandibaya 20, ndiye 20 kuchulukitsa ndi kamtengo aka, ndapha makwacha. Ndinadziona wochenjera. Dzina la mankhwala pachikwangwanicho panalibe. Ine sindinafunse, iwonso sananene.

Ndinagona pampando, anandipukuta pachipumi ndi kathonje kozizira, nandiuza kuti ndichite tsinya, nalemba timadontho ndi pensulo yoyera. Kubaya kwenikweni sikunathe mphindi 10. Nditafika pakauntala, mtsikana wolandira ndalama anandisunthira kapepala osandiyang'ana kumaso. Mayunitsi anali oposa kawiri omwe ndinkayembekezera, ndipo pansi pake panali mzere wina wa "kuonana ndi dokotala", womwe pafoni anandiuza kuti ndi waulere. Ulere wake unali woti ukangofunsa n'kubwerera, osabayitsa. Nanga mankhwala ali kale m'chipumi, ungakane kuti bwezani? Ndinalipira manja akunjenjemera. Mankhwalawo alibe mlandu, anagwira ntchito yake. Mlandu ndimauika pa anthu omwe anadziwa bwino lomwe kuti ndikuwerengetsa ndi muyezo wolakwika, nangondisiya.

Sizinathere pomwepo. Pa tsiku la 12 nsidze yakumanzere inali itakwera kumapeto kwake kuposa inzake, nkhope yonse ikuoneka ngati ya munthu wokayikira chilichonse chomwe akuuzidwa. Zimachitika, ndipo kukonza kwake ndi timayunitsi tochepa chabe pamwamba pa nsidzeyo. Komwe ndinabayitsa koyamba, ulendo wobwereza wa pa masabata awiri unali m'kati mwa mtengo. Kuno anati ndilipirenso mayunitsiwo pamodzi ndi kuonana ndi dokotala kachiwiri. Kutchipa kuja kunathera pamenepo.

Ndiye kulipira pa yunitsi kapena pa dera, chabwino n'chiti? Kulipira pa dera, kunena kuti chipumi mwakuti, m'mbali mwa maso mwakuti, kumakupatsani mtendere chifukwa mtengo mumaudziwiratu. Vuto lake simudziwa kuti alowetsa angati. Mankhwala atatuwa amabwera ngati ufa m'kabotolo, wobaya n'kusungunula ndi madzi amchere a kuchipatala otchedwa saline, ndipo wofuna kukuberani akhoza kukubayani madzi ochuluka mankhwala ochepa. Mudzazindikira pa sabata ya 6 tsinya litabwerera. Ine ndimakonda pa yunitsi, koma pokhapokha andilembere zinthu zinayi singano isanatuluke m'pepala lake: dzina la mankhwala, mayunitsi onse, ndalama zonse pamodzi, ndi yankho la funso loti ndikabwera pa masiku 14 kudzakonzetsa ndilipiranso kapena ayi. Akayamba kuzungulira, nyamulani chikwama.

Pali chimodzi chomwe ndinkachiyesa kuba pomwe sikuba. Mukapita kuti mukufuna mizere ya pachipumi yokha, wobaya wodziwa ntchito adzakuuzani kuti abayenso pakati pa nsidze. Chifukwa chake n'chakuti mnofu wa pachipumi ndi womwe umanyamula nsidze, pomwe ya tsinya imazikokera pansi. Mukagoneka wonyamula yekha, nsidze zimagwa, maso n'kulemera. Ngakhale pepala la Botox limati chipumi chibayidwe pamodzi ndi tsinya, 20 ndi 20, onse 40. M'mbali mwa maso ndi 24, mbali iliyonse 12. Manambala amenewa muwadziwe musanapite, ngakhale wobaya akhoza kuchepetsa kapena kuwonjeza malinga ndi mphamvu ya minofu yanu.

Tsopano za kukonzekera. Chachikulu kuposa zonse ndi kalendala. Ulendo woyamba ndinabayitsa kutatsala masiku 4 kuti mng'ono wanga akwatiwe. Dzulo lake mutu unkandiwawa ndiye ndinamwa ibuprofen, usiku n'kuwonjeza matambula awiri a vinyo kuti mantha achepe. Fulumira anadya gaga. Pa zithunzi za ukwati tsinya langa lili pomwepo chifukwa mankhwala anali asanakhwime, ndipo pambali pa diso pali kadontho kakuda ka magazi oundana komwe paudala analephera kubisa. Ngati pali mwambo womwe mukufuna kukaoneka bwino, werengani chobwerera masabata 4: awiri oti mankhwala akhwime, awiri oti mukonzetse ngati pena papendekeka.

Zochepetsa mikwingwirima n'zodziwika. Mowa usiyeni kwa maola 24. Aspirin, ibuprofen, mafuta a nsomba, vitamini E ndi ginkgo zimachedwetsa magazi kuundana, ndiye obaya ambiri amati muzisiye kwa masiku angapo mpaka sabata. Mutu ukawawa, paracetamol alibe vuto limeneli. Koma mvetsetsani apa: ngati aspirin kapena warfarin anakulemberani dokotala chifukwa cha mtima kapena magazi, musasiye panokha chifukwa cha makwinya. Kadontho kakuda kamatha pa sabata, sitiroko sikutha.

Zina si zokonzekera koma zoti musapite n'komwe, kapena muyambe mwanena. Woyembekezera ndi woyamwitsa adikire. Amene ali ndi matenda ofooketsa minofu monga myasthenia gravis, awa si mankhwala ake. Ngati mukulandira gentamicin kapena maantibayotiki a mtundu wake, nenani, chifukwa amawonjezera mphamvu ya poizoniyu. Pamalo obayapo pakakhala chithupsa kapena chilonda, sinthani tsiku. Tsikulo pitani nkhope ili yosamba bwino, yosadzola, ndipo masewera olimbitsa thupi muchitiretu m'mawa, chifukwa mukabayitsa adzakuuzani kuti musagone kapena kuwerama kwa maola 4, musatikite pamalopo, ndipo jimu mudikire mawa lake. Kutikitako n'kumene ndimakuopa kwambiri. Mankhwala akasunthira ku mnofu wokweza chikope, diso limagwa, ndipo limatha kukhala choncho masabata angapo. Alipo madontho a m'maso, apraclonidine, omwe amachikwezako pang'ono, koma jakisoni wochotsa Botox kulibe. N'kudikira basi.

Apa m'pamene filler amaoneka ngati wapambana. Wopangidwa ndi hyaluronic acid (chinthu chosunga madzi chomwe chimapezeka kale m'khungu), monga Juvéderm ndi Restylane, amaoneka tsiku lomwelo, amakhala kuyambira miyezi 6 mpaka kupitirira chaka, ndipo mukapanda kumukonda amasungunulidwa ndi jakisoni wina wotchedwa hyaluronidase. Koma ine ndimamuopa kuposa Botox, ndipo sindibisa. Filler akalowa mu mtsempha wa magazi amautseka, khungu la pamenepo n'kuyamba kufa, ndipo mwa apo ndi apo, makamaka pamphuno ndi pakati pa nsidze, munthu amatha kusiya kuona. Funso loyamba kwa wobaya filler lisakhale la mtengo. Mufunseni ngati hyaluronidase ali naye m'chipinda momwemo, lero, osati koti akaitanitsa. Dziwaninso kuti ma filler ena, monga Radiesse ndi Sculptra, si a hyaluronic acid, ndipo hyaluronidase sawasungunula. Kukonzekera kwake kuli ndi zowonjezera ziwiri: musakonzetse mano masabata awiri filler asanabayidwe kapena atabayidwa, ndipo ngati mumatuluka timatuza ta pamilomo, nenani, chifukwa singano imatidzutsa ndipo dokotala angakupatseniretu mapiritsi. Kutupa kwake kumaposanso kwa Botox, choncho masabata 4 aja apa ndiye musawadule.

Za laser ndi mankhwala osupula khungu sindichedwapo. Ife a khungu lakuda timachita msanga mawanga akuda khungu likapsa, ndipo mawangawo amatenga miyezi kuti afufutike. Ngati wogwira makinawo sangakuonetseni ntchito yomwe wachita pa khungu ngati lanu, musakhale woyamba.

Chomwe sindinachisiyepo zaka zonsezi ndi kachubu ka tretinoin, mankhwala odzola ofewetsa makwinya, ndi mafuta oteteza ku dzuwa. Ndi zochedwa, miyezi 3 mpaka 6 musanaone kanthu, masabata oyamba khungu limafunduka, ndipo woyembekezera sayenera kudzola tretinoin. Tsinya lozama sizingalichotse. Koma timizere ting'onoting'ono tija timafewa, ndipo palibe tsiku lomwe kachubu kanandibisira mzere pa lisiti. Ingokumbukirani kusiya kudzola masiku awiri kapena atatu musanabayitse, kuti khungu lisakhale lofiira kale.

Pa Botox, Dysport ndi Xeomin ndilibe mbali. Ndimatsatira dzanja, osati dzina, ndipo ndinabwerera kwa dokotala wanga woyamba mchira uli pansi. Iye amatulutsa kabotolo ndikuona, n'kundiwerengera dzina, nambala ya gulu lake ndi tsiku lotha ntchito, kenako n'kuzilemba m'fayilo yanga. Poyamba ndinkayesa n'kudzionetsera. Mu 2024 ku America anthu anagonekedwa m'zipatala atabayidwa mankhwala achinyengo kapena ndi anthu opanda chilolezo, ena m'nyumba ndi m'malo okongoletsera, akulephera kumeza ndi kuona bwino. Kuyambira pamenepo kabotolo ndimachita kukagwira ndekha. Ndimajambulanso nkhope yanga ndisanalowe, zithunzi zitatu: nditachita tsinya, nditakweza nsidze, ndikuseka. Pa masiku 14 ndimajambulanso pawindo lomwelo, chifukwa pokadandaula kuti nsidze yapendekeka, mawu okha samveka.

Mnzanga wachitatu uja wanditumiziranso uthenga m'mawa uno kuti wapeza malo Lachinayi, ndipo phwando la kuntchito kwawo lili Loweruka. Ndamuuza kuti Lachinayilo apite ndithu, akafunse mafunso anayi aja, abwere ndi kapepala, koma pampando asagone. Kubaya akabayitse phwando litapita.