Ma album a Forbidden Broadway ndi ofunika kuwamvera, koma muyambe mwadziwa nyimbo zenizenizo

Amene mumakonda nyimbo za m'masewero a pa siteji a ku New York aja, tasakani ma album a Forbidden Broadway, anawatulutsa ndi a DRG Records ndipo ambiri akupezeka pa intaneti. Mwini wake ndi Gerard Alessandrini, mkulu wa ku Massachusetts, anabadwa mu 1953, zoimbazi anaphunzira ku Boston Conservatory kenako nkulowera ku New York. Iyeyu amatenga nyimbo yotchuka ya ku Broadway, dera la ku New York kumene kumachitikira masewero akuluakulu a pa siteji, chuni osachikhudza olo pang'ono, nkuchotsamo mawu onse nkuikamo ake ogemula sewerolo, oimba ake ngakhalenso mabwana amene amadyapo ndalama.

Anayamba mu January 1982 pa kamalo kodyera ka Palsson's Supper Club, ndipo mpaka pano kachitidwe kake nkomweko, nthawi zambiri oimba anayi ndi piyano imodzi basi, koma anayi omwewo amasanduka anthu ambirimbiri. Mu 2006 a Tony Awards, amene amapereka mphoto za masewero a ku Broadway, anampatsa ulemu wapadera.

Chimene chandigwira mtima ine nchoti bamboyu samanyoza ndi chidani ayi, kuli ngati kugemulana kwa asuweni, umachita kumva kuti masewerowa amawakonda ndipo anawaphunzira mpaka m'kati. Tamverani zomwe anagemula sewero la Les Misérables. Pali pomwe oimba akudandaula ndi siteji yozungulira ija kuti akuchita nayo chizungulire, ndiye pali nyimbo ya Bring Him Home yomwe anaitembenuza kuti woimbayo azipempha kuti amutsitsireko kiyi chifukwa yakwera udyo, koma akudandaula choncho uku akuifikira bwinobwino, mawu ali see! Pamenepo unaseka komanso unasilira nthawi imodzi. Ina ndi ya Chita Rivera ndi Rita Moreno, awiriwa onse anasewerapo Anita mu West Side Story, Chita pa siteji mu 1957, Rita mu filimu ya 1961 mpaka anapata Oscar, ndiye mu nyimboyi akulimbana kuti anthu asiye kuwasokoneza mayina. Ya sewero la Annie nayonso, kamwana kamasiye ka m'sewerolo kakula kakufika zaka 30 ntchito ina osaipeza, imasekesa koma mukaganiza bwino ndi zoona zimene zimawachitikira ana otchuka msanga. Za The Lion King zoti zisoti zolemera zija zikuwapweteka makosi zilinso bho.

Vuto lilipo ndithu. Ngati nyimbo yoyambayo simukuidziwa mungomva anthu akukuwa, simutolapo kanthu, komanso chizungu chake nchothamanga heve moti pena pamafunika kubwezera. Chinanso pa album sumaona zovala ndi mawigi amene amasinthasintha, ndiye pena umangomva anthu akuseka iwe osadziwa chachitika nchani. Zina zakalekale zogemula anthu a m'ma 1980 zinazizira, izo mutha kudumpha.

Achinyamata amene munamvera Hamilton yambani ndi Spamilton ya 2016, ya Alessandrini yemweyo, mmenemo akugemula Lin-Manuel Miranda, mlembi wa Hamilton, ndi rap yake yothina mawu ija, simuvutika kutsatira. Enanu yambani mwamvera Les Misérables yeniyeni kaye mpaka ilowe m'mutu, kenako ndiye muike Forbidden Broadway Volume 2.