Zothandizira anthu akumudzi kusamalira chilengedwe: ndalama za alendo odzaona nyama kapena thandizo lakunja?

Ku Namibia, lamulo la mu 1996 linapatsa anthu akumudzi ufulu wopindula ndi nyama zakutchire za m'dera lawo. Magulu awo amapangana ndi eni malo ogona alendo komanso alenje olipira ziphaso. Ndalama zake amalipirira alonda a nyama, zina amagawana kapena kukonzera madzi. Ine njirayi imandikomera chifukwa ndalamazo ndi zawozawo, palibe bwana wa kutsidya kwa nyanja wozilamula. Koma mu 2020 Covid-19 itatseketsa malire, alendo anazimiririka ndipo malipiro a alonda anavuta. Komanso dera lopanda njovu kapena mikango, mlendo akafunako chiyani?

Thandizo lakunja silisankha dera la nyama zokopa maso. Mu 2021, pamsonkhano wa mayiko wokhudza kusintha kwa nyengo ku Glasgow, m'dziko la Scotland, maboma ndi mabungwe analonjeza madola 1.7 biliyoni othandizira eni nthaka ndi anthu akumudzi osamalira nkhalango. Vuto ndi njira yake: ndalama zambiri zimadzera m'mabungwe akuluakulu, n'kufika kumudzi zitaphwa ngati madzi a m'dambo mu Okutobala. Pulojekiti ikatha, mlonda amangotsala ndi yunifomu ndi nsapato.