Wazuh: mlonda waulere amene amaona zambiri koma sagwira wakuba yekha

Kampani ikaberedwa zinthu za pa kompyuta, zizindikiro zimakhala kuti zinaonekera kale. Wina anayesa pasiwedi kambirimbiri pakati pa usiku, akaunti yatsopano ya administrator inatulukira, fayilo ya pa webusaiti inasinthidwa. Zonsezi zimalembedwa m'ma log, mafayilo amene kompyuta imasungamo mbiri ya zochitika, kungoti kompyuta iliyonse imasunga zake ndipo palibe woziwerenga. Wazuh ndi pulogalamu yosonkhanitsa ma log amenewa pamalo amodzi, n'kuwasefa ndi malamulo ake, kenako n'kuchenjeza ikaona zachilendo. Inayamba mu 2015 kuchokera ku pulogalamu ina yachitetezo yotchedwa OSSEC, ndipo laisensi yake salipira. Kwa ma SACCO, zipatala ndi mabungwe amene amavutika kupeza madola olipirira mapulogalamu a ntchito yomweyi monga Splunk kapena Microsoft Sentinel, imeneyi si nkhani yaing'ono. Ndi yabwino ndithu, koma kwa okhawo amene ali ndi munthu woti azitsegula machenjezo ake tsiku lililonse. Popanda munthu ameneyo musataye nayo nthawi.

Ili ndi zigawo zinayi. Agent ndi kapulogalamu kamene mumaika pa kompyuta iliyonse ya Windows, Linux kapena macOS. Server imalandira ma log n'kuwaunika, indexer imawasunga, ndipo dashboard ndi pamene mumaonera zonse pa browser. Zitatu zomalizazi zikhoza kukhala pa seva imodzi. Eni ake amalangiza kuti makompyuta osaposa 25 afunika ma vCPU 4, RAM ya 8 GB ndi disiki ya 50 GB kuti musunge machenjezo a masiku 90. Makompyuta 50 mpaka 100 afunika ma vCPU 8 ndi disiki ya 200 GB. Manambalawa muwatenge ngati poyambira chabe, chifukwa mukangolumikiza firewall (chotchinga cha netiweki) yotumiza ma log ake kudzera pa syslog, disikiyo siichedwa kudzadza. Kuika pa Ubuntu n'kosavuta, script imodzi ya wazuh-install.sh imamaliza zonse. Ma agent amalembetsa pa port 1515 ndipo amatumiza ma log pa 1514.

Pamene imagwira ntchito yotamandika ndi pa kulondera mafayilo. Imasunga hash (chidindo cha manambala chozindikiritsa zimene zili mu fayilo) ya fayilo iliyonse m'mafoda amene mwasankha, ndipo ikasintha imakuuzani. Koma chenjerani apa. Mukaisiya momwe yabwerera imayendera mafayilo kamodzi pa masekondi 43200, kutanthauza maola 12. Munthu amene waika web shell (kafayilo kolamulirira seva ali kutali) mu /var/www m'mawa akhoza kukokolola database yonse chenjezo lisanatuluke madzulo. Pa mafoda ofunika, lembani realtime="yes" mu ossec.conf, kapena whodata="yes" ngati mukufuna kudziwanso akaunti ndi pulogalamu imene yasintha fayiloyo. Osachita zimenezi pa disiki yonse, seva idzalemedwa. Imafufuzanso mapulogalamu akale okhala ndi ziboo zachitetezo zodziwika, ndiponso imayerekeza makonzedwe a kompyuta ndi ma CIS benchmark, amene ndi malangizo a makonzedwe otetezeka. Lipoti limenelo lokha limapatsa wa IT ntchito ya mwezi wathunthu, ndipo ndi ntchito yotseka ziboo zenizeni.

Pa Windows, agent yokha siona mokwanira. Idzaona event 4625 ya pasiwedi yolakwika ndi 4720 ya akaunti yatsopano, koma kuti ione kuti chikalata cha Word chatsegula PowerShell (chida choperekera malamulo kwa Windows), muyenera kuikanso Sysmon ya Microsoft, pulogalamu yolemba mwatsatanetsatane zochitika pa kompyuta, imenenso ndi yaulere, n'kuuza agent kuti iziwerenga channel yake. Amene amadumpha sitepe imeneyi amakhala ndi dashboard yokongola imene siiona njira imene ransomware, pulogalamu yotseka mafayilo n'kumafuna dipo, imakonda kulowera. Ngati maimelo anu ali pa Microsoft 365, lumikizaninso gawo limenelo, popeza kuba kwa ma invoice kumayambira m'bokosi la maimelo la wa accounts, osati pa seva.

Vuto lalikulu ndi phokoso. Chenjezo lililonse lili ndi mlingo, ndipo chilichonse choyambira mlingo 3 chimalembedwa, choncho sabata yoyamba mudzaona machenjezo zikwizikwi opanda kanthu. Imelo imatumizidwa pokhapokha mlingo ukafika 12. Apa ndi pamene ambiri amagonera tulo tosayenera. Rule 5712, imene imalira wina akamayesa kambirimbiri kulowa pa SSH (njira yolowera mu seva uli kutali) ndi maina a akaunti zosakhalapo, ili pa mlingo 10, ndiye imelo siibwera. Mungatsitse email_alert_level, koma mudzamira m'maimelo. Njira yabwino ndi kulemba malamulo anuanu mu /var/ossec/etc/rules/local_rules.xml, ndi manambala a pakati pa 100000 ndi 120000: kukweza mlingo wa zimene zili zoopsa kwa inu, monga kulowa pa seva ya payroll kunja kwa nthawi ya ntchito, ndi kutsitsa zimene mukudziwa kuti ndi backup ya usiku. Musasinthe mafayilo a mu /var/ossec/ruleset, chifukwa tsiku la upgrade zonse mwalembazo zidzafufutidwa. Kusefa kumeneku kumafuna munthu wodziwa XML ndi regex, kalembedwe ka malamulowa, ndipo sikutha pa tsiku limodzi.

Disiki nayo imagwetsa anthu mwakachetechete. Indexer inamangidwa pa OpenSearch, imene disiki ikafika 95 peresenti imaletsa kulemba zatsopano. Dashboard imatseguka bwinobwino, kungoti machenjezo atsopano saonekanso, ndipo wosadziwa amaganiza kuti kuli mtendere. Ikani policy yofufuta ma index (nkhokwe za machenjezo) akale tsiku lomwelo loika pulogalamuyi, ndiponso chenjezo lina la kudzadza kwa disiki losadalira Wazuh. Seva ikhale pa UPS, batire yogwirizira magetsi, chifukwa magetsi akazima indexer ili mkati molemba, index ikhoza kuwonongeka.

Pa nkhani yogwira wakuba, Wazuh ndi yofooka. Ili ndi active response, kutanthauza kuchitapo kanthu yokha, monga firewall-drop imene imatseka IP yovutitsa, koma imachita zimenezi chenjezo litatuluka kale. Siingalowe m'malo mwa Microsoft Defender for Endpoint kapena CrowdStrike Falcon, zimene zimatha kuimitsa pulogalamu yoipa ikungoyamba kumene. Ndipo mukayatsa firewall-drop musanalembe ma IP a ofesi yanu pa white_list, wantchito mmodzi woiwala pasiwedi akhoza kutsekeretsa nthambi yonse kunja. Antivirus, MFA (chitsimikizo chachiwiri kupatula pasiwedi) pa maimelo ndi pa VPN (njira yotetezeka yolowera mu netiweki ya ofesi), ndi backup yosalumikizidwa ku netiweki zikufunikabe monga kale. Chimene Wazuh imawonjezera ndi umboni. Ku Malawi, Data Protection Act ya 2024 imafuna kuti bungwe lidziwitse MACRA zinsinsi za anthu zikabedwa, ndipo popanda ma log simungathe kunena kuti wakuba analowa liti kapena anatenga chiyani.

Seva ya Wazuh payokha ndi nyambo kwa akuba, popeza imalamulira ma agent onse. Mu 2025 kunalengezedwa chiboo cha CVE-2025-24016, chokhudza ma version oyambira 4.4.0 ndipo chinatsekedwa mu 4.9.1, chimene chinkalola munthu wofikira API (khomo limene mapulogalamu ena amalankhulira ndi seva) kuyendetsa malamulo ake pa seva. Port 55000 ya API ndi 443 ya dashboard zisaonekere pa intaneti, zifikiridwe kudzera pa VPN basi. Port 1515 imalandira agent iliyonse popanda pasiwedi mpaka mutayatsa use_password. Pochita upgrade yambani ndi indexer, server ndi dashboard, ma agent pambuyo, chifukwa agent ya version yatsopano kuposa server siigwira ntchito bwino. Mukamaliza, yesani dala pasiwedi yolakwika kakhumi motsatizana pa SSH, ndipo muonetsetse kuti chenjezolo lafikadi kwa munthu amene ali pa ntchito tsiku limenelo.