Ulendo wa m'bandakucha ku phiri la Nemrut: nyenyezi zitatu, ziwiri ndi za a dalaivala

Ndadikira masiku anayi chibwerereni ku Kahta, tauni ya m'dziko la Turkey, kuti mtima ukhale pansi, chifukwa ndikanalemba tsiku lomwelo ndikanapereka nyenyezi imodzi basi. Ulendo wake ndi womwe uja wa m'bandakucha umene amagulitsa m'timaofesi ta m'tauni: minibasi, wolondolera alendo wodziwa Chingelezi, phiri la Nemrut, lomwe pamwamba pake pali ziboliboli zikuluzikulu zamwala, ndiye pobwerera mabwinja a Arsameia, mlatho wa Cendere ndi manda achifumu a Karakuş. Ine ndi mchemwali wanga tinalipira malira onse madzulo ake osanenerera, poti mnyamata wa muofesiyo anachita kulumbira kuti zonse zili momwemo. Tikiti ya pageti sinali momwemo, ndipo minibasi inachedwa ndi mphindi 40. Zimenezo ndazikhululukira.

Chimene chinandiwawa ndi ichi. Wolondolera alendo uja sanabwere. M'malo mwake anakwera mnyamata yemwe uja wa muofesi, atakoleka kabaji m'khosi. Ndinamufunsa tisananyamuke, iye n'kundiyankha kuti phirilo amalidziwa ngati m'nyumba mwawo. Tinakwera masitepe mumdima, mphepo ikuchita kucheka m'makutu. Phirili n'lalitali mamita 2,100 ndi kanthu, silifika pa Sapitwa, koma kuzizira kwake kunandiiwalitsa kuti ndi chilimwe. Titafika pabwalo la kum'mawa, kunja kutayamba kuyera, mnyamatayo anatisonkhanitsa pafupi ndi mutu wamwala wopanda ndevu, wovala chisoti chachitali, n'kunena mokweza kuti: "Uyu ndi Alexander Wamkulu, ndiye anamanga zonsezi." Anthu anayamba kujambula. Mayi wina analemba m'kabuku kake.

Ndinapsa mtima, sindinama. Ulendowu ndinausungira ndalama miyezi ingapo chifukwa cha mfumu imeneyi, ndiye munthu n'kuichotsera dzina pakhomo pake pomwe. Uja ndi Antiochus Woyamba wa ufumu wa Commagene, amene anamanga malowa cha m'ma 62 BC. Pa nthawiyo n'kuti Alexander atamwalira kalekale, mu 323 BC. Ndinamuuza mwaulemu, pambali. Anangokweza mapewa n'kunena kuti alendo amadziwa Alexander, dzina linalo ndi lovuta. Mchemwali wanga anandigwira jekete: "Achimwene, zisiyeni, tabwerera dzuwa." Koma ine sindinabwerere dzuwa. Dzuwa limatuluka kulikonse.

Amene sanaiwerengepo nkhaniyi mwina aona ngati ndikukulitsa kanthu kakang'ono. Phiri lonseli ndi chilengezo cha Antiochus chonena kuti iye ndi mwana wa yani. Commagene poyamba linali dera la mafumu achigiriki a banja la Seleucus, mpaka bwanamkubwa wake Ptolemaeus anadzipatula cha m'ma 163 BC. Unali ufumu waung'ono m'mbali mwa mtsinje wa Euphrates, wopanikizika pakati pa Aroma ndi Aparthia, amene ankalamulira Perisiya pa nthawiyo. Antiochus anapulumuka pogwira uku ndi uku: Pompey, mkulu wa asilikali a Aroma, anamusiyira ufumu wake, iye n'kumadzitcha bwenzi la Aroma ndi la Agiriki, kwinaku mwana wake wamkazi atamukwatitsa kwa Orodes Wachiwiri, mfumu ya Aparthia. Kuchimuna ankati anachokera kwa Darius Wamkulu wa Perisiya, kudzera mwa Orontes, bwanamkubwa wa Armenia amene anakwatira mwana wa Artaxerxes Wachiwiri. Kuchikazi, mayi ake Laodice anali mwana wa Antiochus Wachisanu ndi Chitatu wa banja la Seleucus, ndipo mzere umenewo anaukokera mpaka kwa Alexander. Ngakhale milungu yake anaipatsa mayina ophatikiza Chigiriki ndi Chiperisiya, Zeus-Oromasdes, Apollo-Mithras, Heracles-Artagnes, iye n'kudzikhazika pampando pamzere womwewo. Ndiye ukauza anthu kuti uyu ndi Alexander, Perisiya yense wamufufuta.

Dzuwa litangoti psuu, sipanathe mphindi 15, mnyamata uja anayamba kuwomba m'manja kuti titsike. Bwalo la kumadzulo anati n'chimodzimodzi, palibe chachilendo. Pamenepo ndinakana kwamtuwagalu. Ndinakhala pamwala n'kumuuza kuti ndalipira phiri lonse, osati theka. Mawu anakwera, anthu akutiyang'ana, ndipo ndikuvomereza kuti ndinalankhula zina zimene sindikanayenera kulankhula pamaso pa mchemwali wanga.

Amene anathetsa nkhaniyo ndi a dalaivala. Ndi bambo wachikulire wa imvi, amene anakwera nafe atanyamula fulasiki ya tiyi, ndipo ali m'njira anavula bulangete lawo n'kufunditsa mchemwali wanga osanena kanthu. Anamulankhula mnyamatayo m'Chitheki mawu ochepa chabe, motsitsa, ndipo kachitheki kanga ka kusukulu kanandikwanira kumva kuti akumuuza kuti atsike ndi ofuna kutsika. Kenaka anandikodola. Ndinawayankha kuti "amca", monga amaitanira munthu wamsinkhu wa bambo ako kumeneko, ndipo anamwetulira.

Tinazungulira mulu uja wa miyala yoswaswa, wotalika pafupifupi mamita 50, umene anthu amakhulupirira kuti pansi pake pali manda a mfumuyo ngakhale mpaka lero sanawapeze. Theresa Goell, mayi wa ku America, anafufuza pamenepa zaka zambiri kuyambira m'ma 1950 koma chipinda cha mandacho sanachione. Titatulukira kumadzulo ndinangoti kakasi. Mitu ya kumeneko ndi yosungika bwino kuposa ya kum'mawa, yakhala pansi mbalambanda, uliwonse wotalika kuposa munthu. Ndinaima maso ndi maso ndi mulungu wamkazi Commagene, zipatso zili kumutu kwake, nkhope yonse ming'alu yokhayokha ngati dothi la padambo mu Okutobala. Pambali pake Zeus wandevu, chiwombankhanga, mkango. A dalaivala anandionetsa mzere wa miyala yafulati pamene panali zithunzi za makolo a mfumuyo, 15 akuchimuna ndi 17 akuchikazi, ambiri osweka, ena akadali chiimire koma ofufutika. Analoza n'kunena mawu amodzi, "Darius", kenaka n'kuloza mbali inayo, "Iskender", ndilo dzina la Alexander kumeneko. Munthu wosadziwa Chingelezi anandifotokozera phiri lonse ndi mayina awiri. Kuseri kwa mipando ya ziboliboli kuli malemba a Chigiriki mmene Antiochus analamula kuti tsiku lake lobadwa lizikumbukiridwa pa 16 mwezi uliwonse, tsiku lolongedwa ufumu pa 10, ndipo ansembe azivala zovala za Chiperisiya. Tinamwera tiyi pomwepo, titatu, mphepo itayamba kuleza.

Pobwerera ndi pamene mkwiyo wanga unayamba kusungunuka. A dalaivala anandiuza kuti wolondolera alendo weniweni anasamuka chitachitika chivomerezi cha mu February 2023, chimene chinagumula kwambiri Adıyaman, chigawo chomwe muli Kahta, ndipo mnyamatayo akugwira ntchito za anthu atatu. Ndinamumvera chisoni, ndipo potsika ndinamupatsa moni wa padzanja. Komabe bodza ndi bodza. Akanandiuza madzulo aja kuti wolondolera palibe, ndikanalipira minibasi yokha mosanyinyirika.

Ku Arsameia anatipatsa nthawi yokwanira, ndikuganiza chifukwa cha phokoso langa lija. Mwala wosonyeza mfumu ya Commagene itavala mwachifumu ikugwirana chanza ndi Heracles wosavala, chibonga chili m'manja, ndi wooneka bwino kwambiri, ndipo pansi pake pali malemba aatali a Chigiriki ndi khomo la phanga lotsetsereka. Pa Cendere, mlatho wa Aroma wa m'nthawi ya mfumu Septimius Severus, tinaima mphindi khumi, zokwanira kuona kuti nsanamira zatsala zitatu, popeza ya Geta, mwana wa mfumuyo, inachotsedwa mbale wake Caracalla atamupha. Karakuş tinangoionera pawindo.

Abale amene mukufuna kupita, funsani muofesimo ngati wolondolera alipo ndithu, ndipo anene poyera kuti bwalo la kumadzulo mukafika. Tengani jekete lochindikala ndi ndalama ya tikiti padera. A dalaivala ndinawapatsa kangachepe ka tiyi, anakana kawiri, kachitatu ndinachita kuwaikira m'thumba la malaya. Ku ofesi ndinalemba uthenga wopempha kuti andibwezere gawo la wolondolera alendo. Auwerenga, koma mpaka pano sanayankhe.